Ma Point Asanu a Jafar

Gulu: Ana a Mai Abdu
Abdulmajid, Kadija, Jafar

LOLEMBA

15:42 Kadija: ndaona ndi maso angawa pa board ya sch, nde usandinamize iwe Jafar

15:42 Kadija: number 31. mwana amene wakhala number 1 kuyambira form 1 mpaka form 4

15:43 Kadija: achimwene Abdu mukatuluka mu mgodi muwerenge izi

15:47 Jafar: sindinaname sisi. ndinangokhala chete

15:48 Kadija: maths C physics D chemistry F. ma point 5 pa 15. upper six iyi, chaka chomaliza, exam November. university iti ingakutenge ndi 5?

15:50 Jafar: pa board amatisakaniza tonse, arts commercials sciences. Danai ali pa 1 ndi 15 points za history shona ndi divinity. form 4 maths ndinkamuphunzitsa ndine

15:51 Kadija: ku university safunsa unkaphunzitsa ndani. amawerenga ma point bas

15:51 Jafar: nde munandiikiranji ku sciences

15:52 Jafar: si inu munapita ku sch chaka chatha kukanena kuti mlongo wanga arts ayi?

15:59 Kadija: 🎤 uthenga wamawu 0:54
Eee, ndine ndinakuika, ndipo mawa nditha kukuikanso. Ine ndinatenga zofewazo, ndinapeza ma point 14, amayi anaimba nthungululu mpaka location yonse ya Chiwaridzo inatuluka panja. Ku university ndinapita, gauni ndinavala, zithunzi zili pakhoma. Lero ndili pati? Pamsika, kukuwa pa mulu wa kaunjika mpaka mawu kusasa, degree ili mu sutikesi pamodzi ndi mankhwala a mphemvu. Ine ndimafuna iwe ukalowe pa geti ya mgodi utavala chipewa choyera cha ma engineer, anthu akuimirire. Ndiye usandiyankhe ngati ndine mdani wako, wamva?

16:03 Jafar: chem ndimaimva sisi. theory ndinakhoza. practical ndi imene inandipha

16:04 Jafar: class yonse ma burette awiri, ma chubu othirira mankhwala kadontho kadontho aja. chaka chonse ine ndaigwira kawiri. tsiku la test dzanja limanjenjemera, ndinathira mpaka zonse zinasanduka pinki

16:05 Kadija: a deputy head akuti ndikawaone Lachitatu. registration ya exam akutseka Lachisanu pa 12 koloko

16:05 Jafar: akufuna ndisiye chem kuti pass rate ya sch isatsike. ena awasiyitsa kale

16:06 Jafar: popanda chem metallurgy, course ya miyala ya mu mgodi ija, kulibe. chipewa chanu choyeracho kulibenso

16:06 Kadija: ndi F chilipo?

16:31 Kadija: ndikufunsa iwe

18:12 Abdulmajid: ndatuluka. inu anthu mwalemba buku lonse

18:13 Abdulmajid: Jafar 31 si maliro. ine ndinali wa 40 class ya anthu 41 ndipo winayo anali kudwala kkkk

18:14 Abdulmajid: amayi asamve kaye, BP yawo mukuidziwa. tikambirana bwinobwino

18:40 Kadija: Jafar wadya wakagona, sakulankhula nane

LACHIWIRI

07:18 Kadija: Jafar uniform yako ili pa chingwe. wavala chani ku sch?

07:33 Kadija: chikwama chachikulu cha achimwene palibenso

07:34 Kadija: 📞 kuimba kosayankhidwa

08:06 Jafar: ndiri bho sisi. ndibwera weekend. amayi muwauze ndili kwa mnzanga Farai ku location ya Aerodrome tikuwerenga

08:06 Jafar: data ikutha

08:06 Kadija: uli kuti

08:07 Kadija: 📞 kuimba kosayankhidwa

08:07 Kadija: JAFAR

08:09 Kadija: tick imodzi. message sikufikanso ✓

10:45 Kadija: ndamuimbira Farai. akuti kwawo sanafike. wamuona pa rank akukwera kombi ya ku Mazowe ndi Tobiasi ✓

10:46 Kadija: Tobiasi wa kuseri kwathu uja anasiya sch form 3 nkupita kukakumba golide ku Jumbo ✓

10:46 Kadija: achimwene mwana wapita kwa makorokoza, okumba golide mozemba aja ✓

13:20 Kadija: makasitomala akundifunsa mtengo ine maso ali pa foni ✓

17:55 Abdulmajid: Astaghfirullah

17:58 Abdulmajid: 🎤 uthenga wamawu 0:41
Kadija, mtima pansi kaye. Tobiasi masiku ano salowa m'maenje, ali ku ma tank, kumene amanyika mchenga mu cyanide kuti golide atuluke. Ndiye kumeneko lamulo lake ndi loti ukangolowa, foni amalanda, amatsekera mu bokosi mpaka golide atatuluka, kuopa kuti wina angaitane akuba. Ukaimba kambirimbiri ungotha batire. Ine sabata ino ndikajomba shift andichotsa, mwezi uno achotsa kale anthu. Loweruka m'mawa ndipita ndekha, ndikamukoka khutu mpaka kuno.

18:00 Kadija: Loweruka? registration akutseka Lachisanu ✓

18:01 Abdulmajid: ndikudziwa

18:02 Kadija: wasiya sukulu achimwene. ndamuthamangitsa ndi pakamwa panga ✓

18:20 Abdulmajid: amayi wawauza chani

18:21 Kadija: za kwa Farai zomwezo. asangalala, akuti mwana wanga wakhwima ✓

LACHITATU

09:10 Kadija: ndili pa benchi ya a deputy. makolo ena atatu, tonse ana athu ndi a sciences. palibe akuyang'ana mnzake ✓

11:02 Kadija: 🎤 uthenga wamawu 1:38
Achimwene, ndatuluka. A deputy andilandira ngati mlendo wolemekezeka, eti akundikumbukira, mpaka kundionetsa dzina langa pa thabwa la ana okhoza lija. Akuti, Kadija, iwe ma point ukuwadziwa, sindikufunika kukuphunzitsa. Akuti njira ndi ziwiri. Yoyamba, Jafar asiye Chemistry, alembe Maths ndi Physics basi, sukulu imulembetsa ngati mwana wawo. Akaika mtima pa ziwirizo atha kupeza B ndi B, ma point 8, ndipo ndi ma pass awiri university imalola kupempha malo. Yachiwiri, akakakamira zitatu, akalembe ngati private, adzipezere yekha malo okhala ndi lab ochitira practical. Akuti sukulu chaka chatha inatsika pa mndandanda wa province, a head sakufunanso F ngakhale imodzi. Ndawafunsa kuti, nanga ndikapanda kusaina? Angoseka, akuti pamenepo sindingakulonjeze kanthu mwana wanga, maina akupita Lachisanu pa 12. Sindikudziwa kuti akutanthauza chiyani. Ndachita mantha kufunsanso.

11:04 Kadija: ndafunsa za sir wa chem kuti andithandize maganizo. akuti apita ku maliro ku Mt Darwin, abwera sabata ya mawa. number yawo siikupezeka ✓

11:30 Kadija: Jafar ngati ukuona izi chonde. ndiuze iwe mwini wake ✓

14:15 Kadija: ndazungulira ma college a mu town amene amalembetsa private. wina alibe lab. wina akuti sciences anadzaza kalekale. winayo mlonda wandiseka ✓

18:05 Abdulmajid: usasaine mwini wake asanamve

18:06 Kadija: nanga akachotsa dzina lonse? ✓

18:06 Abdulmajid: anena choncho?

18:07 Kadija: sananene. sanakanenso ✓

18:09 Abdulmajid: ine za ma point sindizidziwa mlongo. ndimadziwa zoti mwana uja akamakamba za chemistry amaiwala kudya. tsiku lina anandifotokozera chifukwa chake miyala ya mgodi wathu imanunkha mazira owola, ine ndakhala ndikuinunkhiza zaka zonsezi osadziwa

18:10 Kadija: kukonda si kukhoza achimwene. ine ndimakonda kuimba koma mumandiletsa ✓

18:10 Abdulmajid: kkkk pamenepo tinachita bwino

18:11 Kadija: sindikuseka ine ✓

18:25 Kadija: mawa sinditsegula pamsika. ndipita ku Jumbo ✓

18:26 Abdulmajid: wekha ayi

18:26 Kadija: ndiperekezeni nde ✓

18:44 Kadija: mwaona ✓

LACHINAYI

08:50 Kadija: ndakwera ✓

10:35 Kadija: ndafika. Jafar ndili pa mashopu a Jumbo, ndavala hijab ya green ija. ngati uli pafupi tuluka ✓

11:48 Kadija: aliyense ndikamufunsa Tobiasi akundifunsa uti. akuti kuno a Tobiasi alipo ambiri ✓

13:07 Kadija: 🎤 uthenga wamawu 1:05
Achimwene, malo ano ndi oopsa. Phiri lonse ndi maenje okhaokha, anyamata akutuluka pansi ali mbuu, sungadziwe kuti uyu ndi mwana wa ndani. Aliyense woonda ndikumuyang'ana kumaso. Mayi wina wogulitsa nsima wandilozera ma tank, ali m'mipanda ya malata, ilipo yambiri. Ndagogoda pa mipanda inayi. Wachinayi mlonda watuluka ndi galu ndi chikwanje, akuti kuno kulibe mwana wa sukulu, kuli amuna okhaokha, ndipo ndikaimaima pageti andiyesa kazitape wa akuba. Ndakuwa dzina la Jafar kunja kwa mpanda ngati wamisala. Injini ikulira, palibe angamve. Ine ndatopa, achimwene. Ndatopa.

13:30 Kadija: Jafar sindikukalipiranso. 31 yo ndi ya pa board chabe. bwera tikhale pansi ✓

13:31 Kadija: sukundiyankha ndikudziwa foni ili mu bokosi. ndikungolemba ✓

15:52 Kadija: ndabwerera. amayi akazinga ma samusa akuti ndikapereke kwa Farai ana akuwerenga asafe ndi njala ✓

15:53 Kadija: ndanyamula. ndili pa kona ndi mbale yotentha sindikudziwa kopita ✓

18:02 Abdulmajid: bweretsa kuno anyamata a pa shift adya

18:03 Abdulmajid: unalakwa kupita wekha. koma zkm

18:15 Kadija: tiwerengere limodzi. zitatu: C D F ndi 5. akalimbikira mwina C C E, 7. ziwiri: B B ndi 8, ndipo dzina lili pa sch, palibe chovuta ✓

18:16 Abdulmajid: ndi 8 wa ziwirizo akalowa chani

18:18 Kadija: mwina uphunzitsi wa maths. mwina diploma ya surveying. metallurgy ayi, imafuna chem ✓

18:18 Abdulmajid: ndi 7 wa zitatu?

18:19 Kadija: metallurgy imafuna ma point ambiri kuposa pamenepo. atha kumukana ✓

18:19 Abdulmajid: atha kumukana kapena amukana?

18:21 Kadija: sindikudziwa!! chaka china amatsitsa chaka china amakweza. ine ndine wa kaunjika musandifunse ngati ndine registrar ✓

18:30 Abdulmajid: pepa

18:31 Abdulmajid: mawa ndikhala pansi pa nthaka mpaka madzulo, ngakhale ku mzikiti sindikaswali Juma. chimene uchite ndili nawe. koma mtima wanga ukuti usasaine

18:33 Kadija: mtima wanu sudzakhala pa benchi ija mawa ✓

LACHISANU

07:05 Kadija: Jafar lero ndi lero ✓

09:30 Kadija: ndili pa sch. number ya sir wa chem ikadali yozima ✓

10:12 Kadija: mayi wa mnzako Shingirai wasaina, wamusiyitsa physics. watuluka akupukuta maso koma akuti bola mwana alembe ✓

10:40 Kadija: Danai wandipatsa moni pa corridor. amuveka baji ya number 1. akufunsa uli kuti, akuti class ya sciences yakhala ngati ku chipatala ✓

11:05 Kadija: 📞 kuimba kosayankhidwa

11:06 Kadija: 📞 kuimba kosayankhidwa

11:21 Kadija: secretary watuluka kawiri. akuti sisi tikutseka, ndinu nokha mwatsala ✓

11:22 Kadija: achimwene ✓

11:22 Kadija: aliyense ✓

11:34 Kadija: 🎤 uthenga wamawu 0:47
Jafar, ndimvere. Iwe wathawa, wandisiyira ine moyo wako m'manja ngati mbale ya moto. Ndikapanda kusaina, n'kutheka dzina lako silipita n'komwe, zaka ziwiri zonse zapita m'madzi, amayi ndikawauza chiyani? Ndikasaina, uli ndi mayeso oti ubwerere. Ndikufuna ukhale ndi chifukwa chobwerera, basi. Ukadzandida, udzandide uli ndi certificate m'manja. Ya Allah, ndithandizeni.

11:49 Kadija: ndikulowa ✓

11:56 Kadija: ndasaina. maths ndi physics ✓

11:57 Kadija: a deputy andigwira chanza akuti wachita zanzeru. maina apita ✓

12:30 Kadija: ndikadali kuseri kwa geti ✓

17:49 Abdulmajid: ndaona

18:20 Abdulmajid: wachita zimene unaona kuti nzabwino. mawa ndikamutenga, ndimuuza ndine

18:22 Kadija: ayi. ndimuuza ndekha ✓

LOWERUKA

09:40 Abdulmajid: ndikusamba ndinyamuke

10:14 Jafar: sisi ndakumana ndi sir wa chem pa rank akupita ku maliro. akuti anandilemba kale pa zonse zitatu ndipo popanda signature ya guardian deputy sangandichotse, amangoopseza. akakuitanani MUSASAINE chilichonse. ingozengerezani mpaka Friday idutse

10:14 Jafar: aaa iyi yangopita pano?? ndinalemba Tuesday mu kombi data itatha kkkk

10:15 Jafar: salaam mukoma Abdu salaam sisi. ndili moyo. atibwezera ma foni, Tobiasi wandipatsa hotspot

10:15 Jafar: 📷 chithunzi

10:15 Jafar: onani burette. YANGA NDEKHA sabata yonse

10:18 Jafar: 🎤 uthenga wamawu 1:12
Sisi, musakwiye, ndikanakuuzani mukanandikaniza. Tobiasi anandiuza kuti ku ma tank kuno amayeza mphamvu ya cyanide tsiku lililonse, ndi titration yomweyo imene inandigwetsa, ndipo amene ankayeza anathawa. Ndiye ndinati ndipite ndikagwire ndi manja anga. Sisi, ndayeza m'mawa, masana, madzulo, mpaka dzanja lasiya kunjenjemera! Pano ndimatsegula kadontho kamodzi kamodzi, ndikangoona mtundu wasintha, ndatseka. Dzulo katatu motsatizana yankho limodzimodzi, bwana wa ma tank mpaka anaitana anzake kuti adzaone. Golide watuluka bwino kuposa mwezi watha. F ija sidzabweranso, ndikulumbira. November ndikufuna B, mwina A, mudzaona. Danai adye baji yakeyo, ine ndikupita ku metallurgy. Chipewa choyera chija konzani mutu, ndidzayamba kukuvekani inuyo.

10:19 Jafar: ndili mu kombi ikudzaza. amayi ndawagulira shuga

10:19 Jafar: maiwe ma message anu ndi ambiri kkkk dikirani ndiwerenge

10:20 Kadija: Jafar dikira usawerenge ndikuimbire ✓✓

10:20 Kadija: 📞 kuimba kosayankhidwa

10:21 Abdulmajid: mfana yankha foni

10:24 Kadija: 📞 kuimba kosayankhidwa

10:31 Kadija: message yako sinafike Jafar. Wallahi sinafike ✓✓

10:32 Kadija: ndinakufuna. ndinabwera mpaka ku Jumbo ndinakuwa dzina lako pa mpanda ✓✓

10:38 Jafar: Lachinayi masana?

10:38 Jafar: ndinamva galu akuuwa

10:39 Kadija: Lolemba ndipita kwa a head. ndikagwada. sir wa chem akabwera atithandiza ✓✓

10:41 Jafar: maina akapita apita sisi. mukudziwa

10:42 Kadija: chem utha kudzalemba chaka cha mawa payokha ✓✓

10:43 Jafar: private? lab iti? mwazungulira nokha town yonse

10:45 Abdulmajid: bwera kunyumba kaye. zinazo tiona tili pamodzi. mlongo wako sanagone sabata yonse

10:46 Kadija: B ndi B ndi 8 Jafar. si zochepa ✓✓

10:47 Kadija: pepa. sindimayenera kunena zimenezo ✓✓

10:58 Kadija: lankhula chilichonse. nditukwane ✓✓

11:09 Abdulmajid: kombi yanyamuka?

11:26 Jafar: yanyamuka

11:26 Jafar: ine ndatsika

11:27 Jafar: bwana anandifunsa mmawa ngati ndingakhale ndiziyeza. ndinamuuza ayi, ndili ndi exam ya chemistry November

11:27 Jafar: ndikukamuuza kuti ndilibe

11:27 Kadija: Jafar ayi ✓✓

11:28 Kadija: 📞 kuimba kosayankhidwa

11:28 Jafar: shuga ndapatsa conductor, mukatenge pa rank

11:29 Abdulmajid: ndikubwera komweko. usalowe mu mpanda

11:41 Kadija: maths ndi physics zilipo mlongo wanga. dzina lako lilipo. chonde ✓